Jekeseni Safunsa Ngati Wadya

Lachiwiri loyamba la mwezi
ndimanyamuka ku Mtandire kukadali mdima,
wapansi, m'mimba muli pululu,
pakuti magazi amayezedwa usanalawe kanthu.
Lamulo lokhali sindinaliphwanyepo.
Kwathu kusala kudya sitidikira dokotala.

Pabenchi la ku Bwaila timadziwana ndi timabuku tathu.
Chala chibayidwe, kadontho kagwe,
kamakina kaphethire, katchule nambala
ngati woweruza womvera mbali imodzi.

Pakhoma anamata chithunzi cha mbale:
theka masamba, apa nsomba, apa kamtanda ka mgaiwa,
pambali peyala lodula bwino.
Mbaleyo ndimaiyang'ana
monga ndiyang'anira nyumba ya ku Area 47
imene ndimalondera usiku.
Ngodya zake zonse ndimazidziwa
koma sindinalowemo.

Amati shuga ndi nthenda ya mabwana.
Nanga inasochera bwanji,
kusiya bwana akuliza mkonono m'chipinda
n'kudzagwira ine pageti?

Kabotolo kanga kamagona mumphika wadothi,
pamchenga wonyowa, kuseri kwa chitseko.
Nangondo amathirirapo madzi ngati anafesapo mpiru.
Filiji yathu ndi imeneyo.

Koma jekeseni safunsa ngati wadya.
Mwezi ukapendekeka, thumba la ufa litagona chafufumimba,
ndimasankha pakati pa ziwiri:
kubaya, n'kumanjenjemera pageti,
thukuta lozizira, maso kuchita chidima,
kapena kuleka, n'kuchezera kutaya madzi,
kukhosi kuli gwa ngati dothi la mu Okutobala.
Ndipo chotsika mtengo pamsika wa Nsungwi
ndi chomwe anandiletsa:
mandasi, zitumbuwa, tiyi wothira masupuni anayi
woti anamize mimba mpaka madzulo.

Tsiku lina ndinagwa pafupi ndi mlatho wa Lingadzi.
Odutsa anati, kachasu ameneyo, m'mawa uno!
Mnyamata wa kabaza, sindinam'funse n'dzina lomwe,
anandikankhira switi m'kamwa.
Chondipha chija n'chimene chinandidzutsa.

Mwezi watha tinapeza namwino wachilendo,
Sisita Mwachande, wa mpata kumano.
Anaona manambala anga akukwera n'kutsika
ngati msewu wa kwathu nthawi ya dzinja,
n'kuika cholembera pansi.
Ndinakonzeka kukalipidwa.

"Bambo Kachingwe, mwezi uno
ndi masiku angati mwagona osadya?"

Ndinaseka. "Timadya, mayi."

Sanayankhe. Anangodikira,
ndipo chete wakeyo anatalika kuposa mzere wa panja.

"Asanu ndi limodzi," ndinatero, maso ali pansapato,
"kupatula amene ndinasiyira ana."

Analemba.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikubwera pano,
aka kanali koyamba njala yanga kulowa m'kabuku,
pansi penipeni pa nambala ya shuga,
ndi inki yomweyo.

Anaitana adokotala, anakambirana za mlingo wanga,
anandiuza chochita tsiku limene mbale ili mbee.
Anafunsanso za lendi, za ulendo wapansi,
za amene amandiyang'ana kumapazi ngati kuli bala.
Kenaka anang'amba kapepala:
Loweruka, kudimba la kuseri kwa tchalitchi,
mukafunse mayi Nasiyani.

Ndinawapeza. Anthu khumi ndi anayi,
onse a zala zobowokabowoka ngati zanga,
wina telala, wina wophwanya miyala,
wina mphunzitsi wopuma amene penshoni ikum'zemba.
Mizere ya bonongwe, khobwe, therere, kamganje.
Amene wapeza ganyu amaponya kangachepe m'chitini,
amene zam'thina sabata imeneyo amatapamo
popanda womufunsa mafunso.

Sindikunena kuti ndachira.
Mwezi ukadali wautali kuposa malipiro,
ndipo mbale ya pakhoma ija ikadali pakhoma.

Koma dzulo ndinabwera ndi mtolo wa chisoso
ndi kapu imodzi ya khobwe.
Nangondo anatereka.
Ndinabaya, n'kudikira pang'ono monga anandiuzira,
n'kudya.

Usiku bwana ataliza hutala,
kiyi analowa m'loko kamodzi n'kamodzi.